Chuck Daly: mkulu amene adasunga atambala 12 m'khola limodzi

Pa 8 August 1992, mumzinda wa Barcelona m'dziko la Spain, timu ya basiketibolo ya dziko la America idagonjetsa Croatia ndi mapointi 117 kwa 85 n'kutenga mendulo ya golide ya masewero a Olimpiki. Kupambanako sikudadabwitse aliyense, pakuti m'timuyo mudali Michael Jordan, Magic Johnson, Larry Bird, Charles Barkley ndi akatswiri ena odziwika padziko lonse. Chimene anthu odziwa masewerowa ankakayikira chiyambire chidali china: kodi amuna 12, pafupifupi aliyense mfumu kutimu yake, angagawane bwanji mpira umodzi popanda kukokana malaya? Akale adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Apa khola lidali limodzi, atambala 12.

Udindo wosunga kholalo udali m'manja mwa Chuck Daly, bambo wa zaka 62 amene sadasewereko mu ligi ya NBA ngakhale tsiku limodzi, amenenso zaka khumi m'mbuyomo adachotsedwa ntchito atangoigwira miyezi itatu. Mbiri yake imayankha funso limene limasowetsa tulo eni matimu kulikonse: kodi mphunzitsi angathe kulamulira osewera omuposa kutchuka ndi malipiro? Moyo wa Daly ukuonetsa kuti n'zotheka, koma pokhapokha osewerawo atavomera, ndiponso kuti chilolezo chimenecho sichikhala mpaka kalekale.

Njira yaitali yopita ku NBA

Charles Jerome Daly adabadwa pa 20 July 1930 m'chigawo cha Pennsylvania, ndipo adakulira m'katauni ka Kane, m'nyengo imene chuma cha America chidagwa, anthu miyandamiyanda n'kusowa ntchito. Adasewera basiketibolo kusekondale ndi kukoleji, poyamba ku St. Bonaventure kenako ku Bloomsburg komwe adamaliza maphunziro mu 1952, koma sadali wosewera woti matimu akuluakulu n'kumulimbirana. Atatumikira usilikali zaka ziwiri, mu 1955 adayamba kuphunzitsa timu ya sukulu ya sekondale m'tauni ya Punxsutawney, ndipo adakhala kumeneko zaka 8.

Mu 1963 adapita ku Yunivesite ya Duke kukathandizira mphunzitsi Vic Bubas, ntchito imene adaigwira zaka 6. Mu 1969 adapatsidwa timu yakeyake ku Boston College, kulowa m'malo mwa katswiri wakale Bob Cousy, ndipo mu 1971 adasamukira ku Yunivesite ya Pennsylvania, komwe adatenga chikho cha Ivy League zaka zinayi zotsatizana. Pa masewero 163 amene adatsogolera timuyo, adapambana 125.

Kukoleji mphunzitsi ndi mfumu yosatsutsika. Masiku amenewo osewera sankalandira malipiro, ndipo mnyamata aliyense ankadziwa kuti malo ake m'timu, mwinanso maphunziro ake enieniwo, zili m'manja mwa mphunzitsi. Daly akadatha kukalambira pampando wabwinowo. M'malo mwake, ali ndi zaka 47, adausiya n'kukayambiranso pansi monga wothandizira Billy Cunningham kutimu ya Philadelphia 76ers mu NBA.

Timu imene adaipeza kumeneko idali sukulu yabwino kwa munthu wofuna kudziwa mtima wa akatswiri. Idali ndi Julius Erving, George McGinnis, Doug Collins ndi Darryl Dawkins, ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo idali itataya chikho kwa Portland ngakhale kuti pa luso la munthu mmodzimmodzi idali pamwamba. Ku Philadelphia Daly adaona masamu amene amalamulira ntchito yonse ya mphunzitsi. Masewero a NBA amatenga mphindi 48, ndipo timu imalowetsa anthu asanu okha nthawi imodzi, kutanthauza kuti pali mphindi 240, zimene masiku amenewo zinkagawidwa kwa amuna 12. Malipiro a wosewera chaka chamawa amadalira mphindi zimene wasewera ndi mapointi amene wagoletsa chaka chino. Choncho mphunzitsi akakhazika munthu pabenchi, amakhala wamupisa m'thumba. Daly ankakonda kufotokoza kuti timu ya NBA ili ngati makampani 12, iliyonse ndi bwana wake, ndi kuti mphunzitsi amagwira ntchito chifukwa osewera amulola kutero.

Mwayi wake woyamba wotsogolera timu ya NBA udabwera mu December 1981, ndipo udali wowawa. Timu ya Cleveland Cavaliers idali m'manja mwa Ted Stepien, amene ankasinthanitsa mosaganizira zamawa mwayi wa timuyo wosankha anyamata atsopano ochokera kukoleji, mpaka ligi idakhazikitsa lamulo loletsa mchitidwewo, limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. M'chaka chimodzi chokhacho timuyo idakhala ndi aphunzitsi anayi. Daly adaona msanga kumene mphepo inkalowera, moti sadavutike n'kufuna nyumba. Adakhala kuhotela nthawi yonseyo. Pa masewero 41 adapambana 9 okha, ndipo mu March 1982 adachotsedwa. Ali ndi zaka 51 adapezeka akuthirira ndemanga pa masewero pawailesi yakanema. Za ku Cleveland zidaonetsa mbali ina ya ntchitoyi: osewera samvera mphunzitsi akadziwa kuti akuluakulu a timu sali naye.

Anyamata ovuta a ku Detroit

Mu 1983 Jack McCloskey, mkulu woyendetsa timu ya Detroit Pistons, amene naye adaphunzitsapo ku Yunivesite ya Pennsylvania, adamupatsa ntchito. Timuyo idali isadatengepo chikho cha NBA chiyambire. Chaka cham'mbuyo idapambana masewero 37 mwa 82. Chaka choyamba cha Daly idapambana 49, ndipo m'zaka zonse 9 zimene adakhala kumeneko siidalephereko kulowa m'ndime yolimbirana chikho.

Anthu amene McCloskey adamusonkhanitsira adali osiyana ngati zala za dzanja. Isiah Thomas, wamfupi pakati pa zimphona, adakulira mu umphawi kumadzulo kwa mzinda wa Chicago. Adali ndi kumwetulira kwa mwana koma mtima wosafuna kugonjera aliyense, ndipo ankamvana kwambiri ndi mwini timu, Bill Davidson. Bill Laimbeer adali mwana wa m'banja lolemera, wamwano, wodedwa m'mabwalo onse a ligi. Joe Dumars adali wofatsa, wa mawu ochepa. Vinnie Johnson akadatha kuyamba masewero kumatimu ena ambiri, koma ku Detroit ankalowa kuchokera pabenchi. Padalinso Rick Mahorn, John Salley ndi Dennis Rodman, mnyamata wamanyazi amene asadatchuke adagwirapo ntchito yosesa pabwalo la ndege la ku Dallas.

Daly sadayese kuwaumba onse m'chikombole chimodzi. Pa zinthu zing'onozing'ono ankalolera. Wosewera akakalipa potulutsidwa m'bwalo, mkuluyu ankakhala ngati sadamve, ndipo m'mawa mwake nkhaniyo sinkadzukanso. Iye mwini ankanena kuti mphunzitsi ayenera kukhala ndi khutu losankha zomva. Sankakonda kulankhula nthawi yaitali, podziwa kuti m'chaka cha masewero 82 mawu a munthu mmodzi amafika pokwana. Zambiri za mwambo wa m'timu adazisiya m'manja mwa Thomas ndi Laimbeer, pakuti chidzudzulo chochokera kwa wosewera mnzako chimalowa kuposa cha munthu wovala suti. Koma chinthu chimodzi adachigwira yekha, ndicho mphindi. Wofuna kusewera nthawi yaitali adayenera kutchinga adani ndi kulimbirana mpira umene waphonya dengu. Wosafuna kutero ankaonera masewero ali pabenchi, kaya dzina lake n'lalikulu bwanji.

Kusinthako kumaoneka m'manambala. Pa 13 December 1983, m'chaka choyamba cha Daly, Detroit idagonjetsa Denver Nuggets 186 kwa 184, ndipo mpaka lero palibe masewero a NBA amene adakhala ndi mapointi ambiri kuposa amenewo. Timu yotero inkasangalatsa oonerera koma sinkapita patali. Pofika chaka cha 1989/90, Detroit yomweyo ndiyo inkalola adani ake kugoletsa mapointi ochepa kuposa timu ina iliyonse, osafika 100 pa avareji. Amene adataya zambiri pa kusinthaku ndi Thomas. Munthu amene ankagoletsa mapointi oposa 20 pa masewero amodzi adavomera kutsika kufika pa 18 kuti mpira uzifika kwa anzake. M'chaka chimene Detroit idatenga chikho choyamba, padalibe wosewera wake ndi mmodzi yemwe amene adafika pa avareji ya mapointi 20. Katswiri wamkulu akavomera kuchepetsa gawo lake, ena onse amasowa podandaulira.

Chikho sichidabwere msanga. M'ndime zotsiriza za NBA matimu awiri amakumana mpaka ka 7, ndipo yoyamba kupambana kanayi ndiyo imapitirira. Mu 1987 Detroit idatsala pang'ono kugwetsa Boston Celtics, koma m'masekondi otsiriza a masewero achisanu Larry Bird adalanda mpira umene Thomas ankapatsira mnzake, ndipo pamapeto pake Boston ndiyo idapitirira. Mu 1988 Detroit idafika mufainolo n'kukumana ndi Los Angeles Lakers. M'masewero achisanu ndi chimodzi Thomas, akutsimphina atabinya mwendo, adagoletsa mapointi 25 m'chigawo chachitatu chokha, komabe timu yake idagonja ndi pointi imodzi, n'kugonjanso ndi mapointi atatu m'masewero otsiriza. Kugonja kotere kumaphwasula matimu ambiri, pakuti aliyense amayamba kuloza mnzake chala. Ya Daly idabwerera ili yamphumphu.

Komabe padali munthu mmodzi amene nzeru za Daly sizidamukwane. Adrian Dantley adabwera ku Detroit mu 1986 ali kale katswiri amene adatsogolapo kawiri ligi yonse pa kugoletsa. Kaseweredwe kake kadali kogwira mpira nthawi yaitali, kufunafuna mpata payekha anzake ataima. Daly atayamba kupereka mphindi zambiri kwa Rodman chifukwa cha kutchinga kwake, Dantley sadakondwe, ndipo kusamvana kwawo kudafika poonekera pabwalo. Ubale wake ndi Thomas nawo udali utazizira. Mu February 1989 Detroit idamutumiza ku Dallas Mavericks posinthana ndi Mark Aguirre, mnzake wa Thomas wa paubwana ku Chicago. Dantley adachoka ndi mtima wowawa, akukhulupirira kuti Thomas ndiye adamukonzera chiwembu, ndipo adapuma masewero osalawako chikho. Apa padaoneka malire a luso la mphunzitsi. Katswiri akakana gawo limene wapatsidwa, chotsala n'chakuti mmodzi achoke, ndipo mwayi wa Daly udali wakuti ulendo uno akuluakulu a timu adaima naye.

Aguirre naye adabwera ndi mbiri ya munthu wovuta, koma ku Detroit adavomera kugoletsa mapointi ochepa kuposa amene adazolowera. Timuyo idamaliza chakacho itapambana masewero 63, ndipo mu June 1989 idasesa Lakers 4 kwa 0, ngakhale n'zoona kuti Lakers idafooka chifukwa cha kuvulala kwa Byron Scott ndi Magic Johnson. Mphotho ya wosewera bwino kuposa onse mufainoloyo idapita kwa Dumars wofatsa uja. Daly adali ndi zaka 58, ndipo padali patapita zaka 34 chiyambireni ntchito kusekondale ya Punxsutawney. Chaka chotsatira Aguirre adasiyira Rodman malo ake pakati pa asanu oyamba, iye n'kumalowa kuchokera pabenchi, ndipo Detroit idatetezanso chikho pogonjetsa Portland Trail Blazers 4 kwa 1. Ulendo umenewo mphotho ija idapita kwa Thomas.

Pa osewera onsewa, Rodman ndiye adaonetsa bwino mphamvu ya njira ya Daly. Mnyamatayu adakula wopanda bambo pakhomo, ndipo adamutenga mphunzitsi wakeyo ngati kholo. Daly sadamukakamize kukhala wogoletsa. Adamupatsa ntchito imodzi, yotchinga katswiri wa timu ina ndi kutola mipira yophonya dengu, n'kumuonetsa kuti ntchitoyo ndi yolemekezeka. Rodman adasankhidwa kukhala wotchinga bwino kuposa onse mu ligi mu 1990 ndi 1991. Daly atachoka, moyo wa Rodman udasokonekera kwambiri, ndipo mu 1993 Detroit idamutumiza ku San Antonio Spurs. Mpaka pomwe ankalandira ulemu wolowa mu Hall of Fame mu 2011, Rodman ankamutchulabe Daly pakati pa amuna amene adamukhalira bambo.

Timuyi inkatchedwa Bad Boys, kutanthauza anyamata oipa, ndipo dzinalo silidali lopanda chifukwa. Pa 3 April 1988 Michael Jordan wa Chicago Bulls adawagoletsa mapointi 59 pakwawo pomwe. Daly ndi omuthandizira adakonza njira yapadera yomutchingira: kumukankhira kudzanja lamanzere, kumuunjikira anthu awiri kapena atatu, ndi kumugwetsa pansi akayerekeza kulunjika dengu. Njirayo idatchuka ndi dzina lakuti Jordan Rules, ndipo Detroit idatulutsa Chicago mumpikisano zaka zitatu zotsatizana, 1988, 1989 ndi 1990. Ambiri ankadandaula kuti amenewo sadalinso masewero koma nkhondo. Mu May 1991 Chicago idabwezera, kusesa Detroit 4 kwa 0. Kutatsala masekondi 7.9 kuti masewero otsiriza athe, Thomas, Laimbeer ndi anzawo ena adanyamuka n'kudutsa kutsogolo kwa benchi ya Chicago osapereka moni. Ufulu umene Daly adapatsa atsogoleri a timu yake, umene udabala zikho ziwiri, tsiku limenelo udabala manyazi. Patatha chaka chimodzi iye adatula pansi udindo, atapambana masewero 467 a mu ligi ndi timuyo.

Khola la ku Barcelona

America idali itabwera ndi mendulo yachitatu yokha ku Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, komwe anyamata ake a kukoleji adagonja kwa Soviet Union. Mu April 1989 bungwe loyendetsa basiketibolo padziko lonse, FIBA, lidalola kuti osewera a NBA azipita ku Olimpiki. Pofuna mphunzitsi wa timu yoyamba yotero, imene idadzatchedwa Dream Team, akuluakulu sadafune munthu woti akaphunzitse Jordan kuponya mpira. Adafuna munthu woti akatswiri angamulole kuwatsogolera, ndipo mu 1991 adasankha Daly. Omuthandizira adali Lenny Wilkens, Mike Krzyzewski ndi P.J. Carlesimo.

Chiyeso choyamba chidafika timu isadakumane n'komwe. Mu September 1991 mayina 10 oyamba adalengezedwa, ndipo la Isiah Thomas padalibe. Osewera ankasankhidwa ndi komiti, koma ambiri adakhulupirira kuti chidani cha pakati pa Thomas ndi Jordan, komanso akatswiri ena, ndicho chidamutsekera khomo. McCloskey adatuluka m'komitiyo pokwiya ndi zimenezi. Mayina awiri otsala atalengezedwa mu May 1992, adali a Clyde Drexler ndi Christian Laettner. Daly adapita ku Barcelona popanda munthu amene adamupatsa zikho ziwiri, ndipo ena amamudzudzulabe kuti sadamumenyere nkhondo mokwanira. Mtendere wa m'kholamo udali ndi mtengo wake, ndipo amene adaulipira ndi munthu wake wapafupi.

Vuto lachiwiri lidali lakuti amuna amenewa ankadziona ngati osagonjetseka. Mu June 1992, ku La Jolla m'chigawo cha California, Daly adawakumanitsa ndi anyamata a kukoleji, ena mwa iwo Chris Webber, Grant Hill, Penny Hardaway ndi Bobby Hurley. Anyamatawo atayamba kutsogola, Daly sadachitepo kanthu. Adamukhazika Jordan pabenchi nthawi yaitali, n'kulekerera zinthu kuti zipite mmene zinkapitira, mpaka akatswiri aja adagonja 62 kwa 54. Manambalawo adafufutidwa pabolodi atolankhani asadalowe. Patapita zaka, Krzyzewski adanena kuti Daly adachita dala. M'mawa mwake matimu awiriwo adakumananso, ndipo anyamata a kukoleji adaona zakuda. Daly sadafunikire kukalipa kapena kulalikira za kudzichepetsa. Phunziro lidalowa lokha, ndipo kuyambira pamenepo adali ndi nkhani yowakumbutsa nthawi iliyonse akayamba kutayirira.

Pogawa ulemu adachitanso mwanzeru. Ukaputeni udapita kwa akuluakulu awiri, Magic Johnson, amene adali atapuma mu NBA mu November 1991 atalengeza kuti ali ndi kachilombo ka HIV, ndi Larry Bird, amene msana unkamuvutitsa kwambiri. Katundu weniweni wa pabwalo adamusenzetsa Jordan ndi Scottie Pippen. Jordan yemweyo, amene Daly adatha zaka akukonza njira zomugwetsera pansi, tsopano ankasewera naye gofu. Timu itapita kukakonzekera ku Monte Carlo, Daly sadaike lamulo la nthawi yogona, poona kuti sangasunge amuna akuluakulu ngati ana a sukulu yogonera konko. Koma ataona kuti asewera mwaulesi pokumana ndi France, adawagawa pawiri, mbali ina ya Johnson ina ya Jordan, n'kuwasiya alimbane zitseko zili zotseka. Matama amene akadatha kuwononga timu adathera m'masewero amenewo, ndipo mbali ya Jordan idapambana.

Ku Barcelona masewero ankatenga mphindi 40, kutanthauza kuti mphindi zogawana zidatsika kufika pa 200. Daly ankasinthasintha asanu oyamba kuti aliyense alaweko ulemuwo. Jordan yekha ndiye adayamba masewero onse 8. Munthu amene ku Chicago ankagoletsa mapointi 30 pa masewero amodzi adakhutira ndi osafika 15, ndipo wogoletsa kwambiri m'timuyo adali Barkley, ndi avareji ya 18. Masewero oyamba adali ndi Angola, akatswiri a mu Africa panthawiyo. Matimuwo atafanana 7 kwa 7, America idagoletsa mapointi 46 pomwe Angola idapeza imodzi yokha, ndipo imodziyo idabwera Barkley atamenya ndi chigongono Herlander Coimbra, khalidwe limene anthu ambiri adalidzudzula. Masewerowo adatha 116 kwa 48.

Timuyo idapambana masewero onse ndi kusiyana kwa mapointi pafupifupi 44 pa avareji. M'mpikisano wonsewo Daly sadapemphepo ngakhale kamodzi kuti masewero aime kaye kuti alangize osewera ake, ngakhale pomwe Croatia idatsogola 25 kwa 23 mufainolo. Adakhala phee n'kuwasiya akonze okha. Motero adakhala mphunzitsi woyamba kutenga chikho cha NBA ndiponso kutsogolera timu ku golide wa Olimpiki.

Alipo amene amati ndi osewera otero, munthu wina aliyense akadapambana. Mwina n'zoona kuti mendulo ikadabwerabe. Koma mu 2004 ku Athens, timu ina ya America yodzaza ndi osewera a NBA idagonja katatu n'kubwerera ndi mendulo yachitatu. N'zoona kuti maiko ena adali atakwera kwambiri pofika nthawiyo, komabe zimenezo zidaonetsa kuti kuunjika mayina sikupanga timu. Ntchito ya Daly idali yoti amuna 12 akhale pamodzi masabata angapo, aliyense alandire zochepa kuposa zimene adazolowera, n'kubwerera kwawo popanda mkangano wotuluka panja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ku Barcelona dambolo lidali iye.

Pamene chilolezo chimatha

Zaka zake zotsiriza pantchito zidatsimikizira zimene iye mwini ankanena, kuti mphamvu ya mphunzitsi ndi yobwereka. Mu 1992 adatenga timu ya New Jersey Nets, imene idali ndi achinyamata aluso monga Derrick Coleman, Kenny Anderson ndi Dražen Petrović wa ku Croatia. Adailowetsa m'ndime yolimbirana chikho zaka zonse ziwiri, koma idatuluka pa chipata choyamba. Petrović adamwalira pa ngozi ya galimoto ku Germany mu June 1993. Mu 1994 Daly adachoka, atatopa ndi chibwana cha ena mwa osewera ake. Munthu amene Jordan ndi Bird adamumvera adalephera kufika pamtima pa anyamata amene adali asadapambanepo kanthu. Akatswiri a ku Detroit ndi a ku Barcelona ankafuna chikho koposa china chilichonse, ndipo njala imeneyo ndiyo Daly ankagwirapo. Pamene njalayo padalibe, nayenso adalibe pogwira.

Chaka chomwecho cha 1994 adalowetsedwa mu Hall of Fame, ndipo mu 1996 adatchulidwa pakati pa aphunzitsi 10 opambana m'mbiri ya NBA, ngakhale kuti mphotho ya mphunzitsi wabwino wa chaka sadailandirepo. Mu 1997 adabwereranso pabenchi ku Orlando Magic, timu imene miyezi yochepa m'mbuyomo osewera ake adaukira mphunzitsi Brian Hill mpaka kumuchotsetsa. Eni timu adafuna munthu amene osewera sangamuderere. Daly adakhazikitsa bata, ndipo m'chaka chake chachiwiri timuyo idapambana masewero 33 mwa 50, koma idatulukanso pa chipata choyamba. Mu 1999 adapuma, atapambana masewero 638 ndi kugonja 437 mu ligi ya NBA.

Osewera ake ankamutcha Daddy Rich chifukwa cha masuti ake okwera mtengo ndi tsitsi lopesedwa bwino, pomwe atolankhani ankamuseka kuti ndi munthu woyembekezera zoipa nthawi zonse, wosakhulupirira kuti wapambana mpaka wezulo yotsiriza italira. Munthu amene adadikira zaka 34 kuti agwire chikho, amenenso adalawapo kuchotsedwa ntchito, adali ndi chifukwa chokhalira wotero. Timu ya Detroit idapumitsa nambala 2 pomulemekeza, kukumbukira zikho ziwiri zija.

Kumayambiriro kwa 2009 adapezeka ndi khansa ya kapamba, ndipo adamwalira pa 9 May chaka chomwecho ku Jupiter m'chigawo cha Florida, ali ndi zaka 78. M'nyengo imeneyo aphunzitsi a NBA ankavala kabaji kolembedwa zilembo za dzina lake, CD, ndipo bungwe lawo lidakhazikitsa mphotho yotchedwa ndi dzina lake, imene imaperekedwa chaka ndi chaka kwa mphunzitsi amene watumikira masewerowa moyo wake wonse.

Daly sadasiye kaseweredwe kotchedwa ndi dzina lake monga adachitira aphunzitsi ena. Chimene adasiya ndi chitsanzo cha kakhalidwe ndi anthu amphamvu: kudziwa chimene aliyense akufuna, kumupatsa ntchito yoti anyadire, kulolera pa zazing'ono, kuumirira pa chimodzi chachikulu, ndi kusiya ulemu upite kwa osewera. Njirayo idalephera pa Dantley, idapweteka Thomas, ndipo ku New Jersey siidabale chikho. Koma malipiro a akatswiri a NBA akwera kwambiri chichokereni iye, mawu awo m'matimu akulanso, ndipo mphunzitsi aliyense wolowa ntchito lero amapeza masamu omwe aja amene Daly adawaona ku Philadelphia: mphindi 240, mpira umodzi, ndi amuna amene aliyense akufuna gawo lalikulu.